Galimoto yafika pageti koma geti likukana: kodi biofeedback ndi chithandizo cha magetsi n'chiyani?

Alamu anga amagwira ntchito ya ulonda ku Randburg. Amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, ndipo kwa zaka ziwiri akhala akulimbana ndi kudzimbidwa, vuto limene munthu wamkulu salikamba pagulu. Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville anandikokera pambali, natulutsa kapepala kopindapinda m'thumba la jekete. Dokotala anali atalembapo dzina la vuto lawo, ndipo pansi pake panali mawu akuti biofeedback.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "akuti ndikaonane ndi a mafizo. Mnzanga wa kuntchito akuti kumeneko amakulowetsa waya kumatako n'kuyatsa magetsi. Ine zimenezo ayi. Bola ndizingodya Brooklax wanga."

Mnzawoyo anaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo si iye yekha. Pali biofeedback, pali chithandizo cha magetsi. Zonse zimachitikira m'chipinda chimodzi, nthawi zina makina ake ndi amodzi omwewo, koma ntchito yake ndi yosiyana ndipo umboni wake ndi wosalingana. Kuti zimveke, tiyambire pa vuto lenilenilo.

Kudzimbidwa kumene madokotala akunena

Kwathu tikati mwana wadzimbidwa, kawirikawiri timatanthauza kuti anadya mopyola muyeso paukwati, mimba yauma ngati ng'oma, mawa adzuka bwinobwino. Kumene akunena madokotala ndi kwa mgonagona. Akatswiri a matenda a m'mimba ochokera m'maiko osiyanasiyana anagwirizana muyeso umene amautcha Rome, potengera mzinda wa ku Italy, ndipo wachinayi, Rome IV, unatuluka mu 2016. Umati vuto likhale loti linayamba miyezi 6 yapitayo kapena kuposa, ndipo m'miyezi 3 yomalizayo munthu akhale ndi zizindikiro ziwiri kapena zoposa mwa izi: kutchima kwambiri, chimbudzi chouma chonga cha mbuzi, kumva ngati china chatsalira, kumva ngati njira yatsekeka, kuchita kuthandizira ndi chala, kapenanso kupita kuchimbudzi kosakwana katatu pa sabata.

Onani kuti kuwerenga masiku ndi chizindikiro chimodzi chokha mwa zisanu ndi chimodzi. Munthu atha kumapita tsiku lililonse koma ali wodzimbidwa, ngati ulendo uliwonse ndi nkhondo ya theka la ola. Winanso atha kumapita kamodzi pa masiku awiri, mosavuta, ndipo alibe matenda.

Vuto la mumsewu ndi vuto la pageti

Zotsalira za chakudya zimayenda m'matumbo aakulu, amene kutalika kwake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka. M'njiramo thupi limayamwa madzi, choncho zikachedwa zimauma. Kwa anthu ena vuto lili pamenepa: matumbo akukankha mwaulesi, ngati magalimoto pa M1 nthawi ya m'mawa. Kwa ena msewu ulibe vuto. Galimoto yafika pageti pa nthawi yake, koma geti silikutseguka. Ndinawauza alamu kuti nkhani yawo ndi yachiwiriyi, ndipo mwa anthu onse iwo ndiye ayenera kuimvetsa msanga poti kutsegula geti ndiyo ntchito yawo.

Geti limeneli lili ndi alonda atatu. Pali mnofu wamkati wozungulira ngati mphete, umene umadzitsegukira wokha popanda ife kuulamula. Pali mphete yakunja, imene timailamula; ndi imene mumafinya mukapanikizika muli mu taxi pakati pa Bree ndi Diepsloot. Ndiye pali mnofu wonga lamba, dzina lake puborectalis, umene umachoka pa fupa la pachinena, kuzungulira kuseri kwa thumbo lomaliza, n'kubwereranso kutsogolo. Lamba ameneyu akakoka, thumbo limapindika. Amene amagwira ntchito m'magadeni a ku Northcliff kapena Bryanston akudziwa zimene zimachitika payipi yothirira maluwa ikapindika: mpopi ngakhale muutsegule mpaka kumapeto, madzi satuluka.

Kuti munthu adzithandize bwino, zinthu zitatu ziyenera kuchitikira pamodzi. Mimba ikankhe, lamba uja amasuke kuti thumbo liwongoke, mphete yakunja ilekerere. Kwa odwala amene tikunenawa mgwirizanowu wasokonekera. Ena akamakankha, lamba ndi mphete zimafinya m'malo momasuka. Ena sizifinya koma sizimasukanso mokwanira. Ena mphamvu yokankhira ndi yochepa, kapena amakankhira pakhosi ndi pankhope, maso kufiira, pansi osafika kanthu. Zili ngati dalaivala amene akuponda mafuta ndi buleki nthawi imodzi.

Madokotala awiri a pa St Mark's Hospital ku London, Preston ndi Lennard-Jones, anafotokoza vutoli mu 1985 n'kulitcha anismus. Anzawo a ku Netherlands ankalitcha dzina lina, ndipo lero ambiri amati dyssynergic defecation, kutanthauza kuti minofu sikugwirizana. Mawu akuti outlet dysfunction, amene mungawaone pa kalata ya dokotala, ndi otambalala pang'ono: amaphatikizapo mavuto a kapangidwe ka thupi, monga thumbo lomaliza kutukumukira kunjira ya abambo mwa amayi ena amene anabereka, kapena thumbo kutsetserekera pansi. Amenewo nthawi zina amafuna opaleshoni.

Chimayambitsa n'chiyani? Satish Rao, dokotala amene wafufuza kwambiri za vutoli ku America, atafunsa odwala ake anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse linamuyamba ali mwana, ena linawayamba atabereka kapena atavulala msana, ndipo gulu lalikulu silinathe kuloza chifukwa chilichonse. Madokotala ambiri amaliona ngati chizolowezi cholakwika chimene thupi linaphunzira, mwina chifukwa cha ululu wa chilonda kapena matenda a mudzi, mwina chifukwa chodzigwira nthawi ndi nthawi. Pamenepa ine ndimaganizira moyo wathu wa kuno ku Joni: mlonda amene ali yekha pageti maola 12, mayi wa ntchito ya m'nyumba amene amachita manyazi ndi chimbudzi cha abwana, ndi ife a m'zipinda za kuseri kumene mabanja asanu ndi atatu amadalira chimbudzi chimodzi, wina akugogoda musanakhale n'komwe. Sindikunena kuti zimenezi ndizo zimayambitsa matendawa. Koma thupi lophunzitsidwa kufinya tsiku ndi tsiku silingakhale lodabwitsa likaiwala kumasula.

Tsopano zikumveka chifukwa chake mankhwala otsegula m'mimba amathandiza mwa apo ndi apo. Brooklax ndi Senokot amakwapula matumbo kuti akankhe, Movicol ndi lactulose amakokera madzi m'chimbudzi kuti chifewe. Onsewo ntchito yawo ili mumsewu. Mlonda wa pageti samuphunzitsa kanthu. Chimodzimodzi zowawa za m'mabotolo zogulitsidwa ku Faraday, kapena kudzipopera madzi monga amachitira anzathu ambiri a kuno.

Amadziwa bwanji kuti vuto lili pageti

Poyamba dokotala amapima ndi chala atavala gulovu, n'kukuuzani kuti mukankhe. Wozolowera amamva ngati mnofu ukumasuka kapena ukufinya. Kenako pali mayeso a kabaluni. Amalowetsa kabaluni kakang'ono, n'kuthiramo madzi okwana mamililita 50, munthu n'kukakhala pachimbudzi payekha. Wopanda vuto amakatulutsa mkati mwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Palinso manometry, kapaipi kopyapyala koyeza mphamvu ya kufinya ndi kukankha, ndi defecography, imene imajambula thumbo pa X-ray kapena MRI pamene munthu akutulutsa phala limene amulowetsa. Muyeso wa Rome IV umafuna kuti mayeso awiri mwa atatu omalizawa asonyeze vuto, chifukwa amodzi okha amanamiza. Tibwereranso ku mfundo imeneyi.

Biofeedback: galasi, osati magetsi

Nayi mfundo imene inawakhazika mtima pansi alamu. Pa biofeedback palibe magetsi amene amalowa m'thupi. Makinawo amangomvetsera.

Mawuwa anatchuka mu 1969, pamene ofufuza anakumana ku Santa Monica, California, n'kukhazikitsa bungwe lawo. Ganizo lake ndi lakuti m'thupi muli zinthu zimene zimachitika ife osaziona, koma munthu akazionetsedwa pa sikirini kapena kuzimva ngati kulira kwa belu, atha kuphunzira kuzilamula. Wometa akakuikirani kagalasi kumbuyo, mumaona pankhongo pamene simunaonepo chibadwire. Biofeedback ndi kagalasi koteroko, koonetsa minofu ya pansi pa chiuno. Ganizoli linayamba dzina lisanabwere: mu 1948 Arnold Kegel wa ku Los Angeles ankagwiritsa ntchito kachipangizo koyeza mphamvu pophunzitsa amayi kulimbitsa minofu imeneyi. Mu 1974 ofufuza a ku Baltimore anayesa njirayi pa anthu olephera kugwira chimbudzi, ndipo mu 1987 Bleijenberg ndi Kuijpers a ku Netherlands anaitembenuza, kuphunzitsa odzimbidwa kumasula m'malo mofinya.

M'chipindamo zimayenda motere. Katswiri, amene kawirikawiri ndi wa mafizo kapena namwino wophunzira za ntchitoyi, amalowetsa kachipangizo konenepa ngati chala, kapena kumata timapepala ta waya pakhungu cha kumatako. Munthu amafunda nsalu, maso ali pa kompyuta. Akafinya, mzere umakwera. Akamasula, umatsika. Ndiye akuti, "Kankhani ngati muli kuchimbudzi." Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka, chifukwa mzere umene umayenera kutsika ukukwera, iwo ali otsimikiza kuti amasula. Zaka zonsezi akhala akutseka geti namaganiza kuti akutsegula. Kuchokera apo ndi kubwereza: kupumira m'mimba kuti itukumuke m'mbali, kukankha pang'onopang'ono osabanika, kuyang'ana mzere mpaka utsike. Ambiri amaphunziranso kutulutsa kabaluni kaja, ndipo amene thumbo lawo linasiya kumva kuti ladzaza amaphunzitsidwa kuzindikira kabaluni kocheperachepera. Kawirikawiri pamafunika maulendo 4 mpaka 6, ulendo uliwonse theka la ola kapena ola, ndi ntchito yokachita kunyumba.

Umboni wake ulipo ndithu. Ku Italy, Giuseppe Chiarioni ndi anzake anagawa odwala 109 m'magulu awiri, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2006. Patatha miyezi 6, anthu 43 mwa 54 a biofeedback ananena kuti asintha kwambiri, pomwe a mankhwala ofewetsa chimbudzi anali 12 mwa 55, ndipo phindulo linali likadalipo patatha zaka ziwiri. Mu 2007 ofufuza a ku North Carolina anayerekeza biofeedback ndi diazepam, mankhwala ofooketsa minofu, komanso mapiritsi opanda mankhwala: amene anapeza bwino anali 70 pa 100 alionse a biofeedback, 23 a diazepam, 38 a mapiritsi opanda kanthu aja. Chaka chomwecho gulu la Rao ku Iowa linayerekeza biofeedback yeniyeni ndi yonamizira, yeniyeni n'kupambana.

Koma pali malire. Chiarioni yemweyo mu 2005 anaonetsa kuti njirayi imathandiza a vuto la pageti, 71 pa 100 alionse, pomwe a matumbo aulesi okha anali 8 basi. Kwa ana, kafukufuku sanapeze kuti imawonjezera kanthu pa chithandizo cha masiku onse. Ndipo mu 2014 bungwe la Cochrane, lodziwika ndi kusefa umboni mosanyengerera, litaunika kafukufuku 17 wa anthu 931, linati wambiri ndi wa anthu ochepa, wochitidwa m'njira zosiyanasiyana, kotero sangamangirepo chigamulo cholimba. Mabungwe a madokotala a m'mimba ku America ndi ku Europe amalimbikitsabe biofeedback kwa odwala oyenera. Mbali zonse ziwiri zikuwerenga mapepala omwewo. Akusiyana pa kuchuluka kwa umboni umene akuti ndi wokwanira.

Nanga magetsi aja?

Apa ndiye mphamvu imalowadi m'thupi, koma si ya Eskom. Ndi yochepetsetsa, ndipo makina ambiri ang'onoang'ono amayendera batire. Munthu amamva kunyerenyetsa, mnofu n'kumakoka wokha, ndipo katswiri amakweza pang'onopang'ono kulekezera pamene wodwala wanena kuti basi. Ngati biofeedback ndi kuphunzitsa dalaivala, magetsi ali ngati kujampa batire: mphamvu ikuchokera kunja, munthu wangogona.

Njira zake ndi zingapo. Yoyamba ndi ya kachipangizo kolowetsa kumatako. Amene amaigwiritsa ntchito amati imadzutsa mitsempha yotumiza uthenga pamene thumbo linachita dzanzi, kapena imatopetsa mnofu woumirira mpaka ulekerere. Ofufuza a ku Seoul, South Korea, anaiyesa mu 2003 pa kagulu kochepa ka odzimbidwa amene thumbo lawo silinkamva bwino, ndipo anaona kusintha. Pa vuto lapachibale, la ululu wa minofu yomweyi, Chiarioni mu 2010 anayerekeza njira zitatu: biofeedback inathandiza 87 pa 100 alionse, magetsi 45, kusisita mnofu 22. Kumbukirani kuti kumeneko ankayeza ululu, osati kudzimbidwa.

Yachiwiri ndi yomata timapepala pamimba ndi kumsana, magetsi n'kumadutsa pakhungu. Madokotala a ku Melbourne, Australia, aiyesa kwambiri pa ana a matumbo aulesi, ndiye kuti vuto la mumsewu lija.

Yachitatu ndi ya opaleshoni, sacral nerve stimulation: waya amaikidwa pafupi ndi mitsempha ya kumunsi kwa msana, batire n'kubisidwa pansi pa khungu la thako. Kwa olephera kugwira chimbudzi kapena mkodzo njirayi ndi yovomerezeka. Kwa odzimbidwa poyamba inapatsa chiyembekezo, koma pamene ofufuza a ku Australia mu 2015 ndi a ku France mu 2017 ankayatsa ndi kuzimitsa makinawo odwala osadziwa, kusiyana kwenikweni sikunaoneke. Ndi yodulanso kwambiri.

Zipatala zina zimaphatikiza biofeedback ndi magetsi pa ulendo umodzi, ndipo ndi apa pamene chisokonezo cha mnzawo wa alamu chinachokera. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti lero tikuchita chiti, ndi kukana chimodzi n'kulola chinzake. Amayi oyembekezera ndi anthu amene anaikidwa pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, sayenera kulandira magetsi popanda dokotala wawo kuvomereza. Timakina tolimbitsa minofu togulitsidwa pa intaneti tambiri tinapangidwira anthu amene geti lawo ndi lofooka. Wa geti loumirira akutenga mankhwala a matenda ena.

Kwa ife tili ku Johannesburg

M'zipatala za boma njira imayambira ku kiliniki, kumene amalemba kalata yopita ku chipatala chachikulu. Akatswiri a matenda a m'mimba ndi a opaleshoni amapezeka m'zipatala zophunzitsira za yunivesite ya Wits monga Charlotte Maxeke ku Parktown, Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi Helen Joseph. Kwa olipira, kuli a mafizo amene anaphunzira mwapadera za minofu ya m'chiuno. Aliyense wovomerezeka amakhala m'kaundula wa HPCSA, bungwe loyang'anira akatswiri a zaumoyo ku South Africa, ndipo kaundulayo mutha kumufufuza pa foni. Funsiranitu mtengo wa maulendo onse, osati woyamba wokha. Popeza chithandizochi ndi sukulu, chilankhulo ndi nkhani yaikulu: ngati Chingerezi chikuthamanga, nenani kuti abwereze. Kupempha katswiri wamwamuna kapena wamkazi, kapena kuti m'chipindamo mukhale munthu wachitatu, si mwano.

Asanafike pa makina, dokotala wabwino amafunsa za mapiritsi. Ambiri a ife timamwa mankhwala a ululu okhala ndi codeine, monga Adco-Dol, pofuna kuziziritsa msana wa ntchito, ndipo codeine amaumitsa m'mimba kwambiri. Mapiritsi owonjezera magazi, matenda a shuga ndi a chithokomiro nawonso amatero. Zakudyanso zinasintha: mgaiwa, nyemba, nkhwani ndi bonongwe tinazisiya ku Mwanza, kuno ndi buledi woyera, magwinya ndi kota. Kubwerera ku ndiwo zamasamba ndi kumwa madzi n'kwabwino, ngakhale kuti wa vuto la pageti gaga yekha sangamuchize, mwinanso angomutupitsa mimba. Chimbudzi chonjuta cha kumudzi chinali ndi nzeru yake: kafukufuku wa anthu 28 ku Israel mu 2003 anapeza kuti onjuta amamaliza msanga ndiponso satchima kwambiri. Anthuwo sanali odwala, komabe a mafizo ambiri amalangiza kuponda pa kampando kuti maondo akwere kuposa chiuno. Njerwa ziwiri zimakwana.

Chimodzi chokha chisachedwetsedwe. Magazi m'chimbudzi, kuonda popanda chifukwa, kuchepa magazi, kusintha kwadzidzidzi kwa kapitidwe ka kuchimbudzi munthu atapitirira zaka 45, kapena ngati m'banja munali khansa ya m'matumbo, zimenezo ndi zopita nazo kuchipatala sabata yomweyo, osayamba mwaganiza za biofeedback.

Zimene akatswiri akadatsutsana

Funso loyamba ndi la mayeso aja. Mu 2016 ofufuza a ku London anayeza ndi manometry anthu abwinobwino, ndipo 87 pa 100 alionse anaonetsa zizindikiro zonga za odwala. N'zosadabwitsa kwenikweni: munthu wagona chammbali, kapaipi kali mkati, mlendo waima pambali, ndiye akuti kankhani. Ndani angamasuke? Nanga malire a wodwala ndi wamanyazi ali pati?

Lachiwiri, chimene chimachiza n'chiyani: makinawo, kapena katswiri woleza mtima amene wakhala nawe ola lathunthu kukufotokozera za thupi lako? Ku St Mark's kunachitika kafukufuku amene anapeza kuti kuphunzitsa popanda sikirini kunathandiza pafupifupi mofanana. Ngati zili choncho, namwino wa pa kiliniki atha kuphunzitsidwa, mtengo n'kutsika.

Lachitatu ndi la magetsi. Mphamvu yochuluka bwanji, kangati pa sabata, kwa odwala ati? Kodi akaphatikizidwa ndi biofeedback amawonjezerapo kanthu, kapena amangotalikitsa bilu? Kafukufuku wamkulu woyerekeza ndi magetsi onamizira ndiye angayankhe.

Lomaliza ndi limene likutikhudza kwambiri. Mu 2018 gulu la Rao linayesa kachipangizo ka biofeedback kokagwiritsa ntchito kunyumba pa anthu 100, ndipo zotsatira zinafanana ndi za kuchipatala. Koma kafukufuku yense amene ndatchula pano anachitikira ku Europe, America, Asia ndi Australia, pa anthu a zakudya zina ndi zimbudzi zina. Kodi kachipangizo ka kunyumba kangagwire ntchito m'chipinda chimodzi chogona anthu anayi? Alamu, atamva zonsezi, anapinda kapepala kawo n'kukabwezera m'thumba. Za waya sanafunsenso. Anangoti, "Ndiye maulendo asanu amenewo, alamu, masana ake ndi amene ndimagona ine. Adzandiimirira ndani pageti usiku wake?"